Sitima Zinagona Panja

Bambo a Laura sanagulepo sitima ya chidole ngakhale imodzi. Iwo ankagula magazini basi. Tamvani zimenezo! Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, kulawirira Lamlungu kunja kukuzizira koopsa, kukwera basi kupita ku kaunjika wa azungu, kuja amagulitsa zakale atatsekula mabuti a galimoto, n'kubwerako atakumbatira mapepala achikasu ngati wanyamula khanda. Magazini akenso osati a sitima zenizeni ayi. Anali a tisitima toseweretsa timene azibambo a kuno ankayala m'zipinda mwawo kalekale, ife tisanabadwe.

Ndinkawafunsa kuti, “Nanga bwanji osangogula kasitima kamodzi, tikaone kakuyenda?”

Iwo n'kuseka. “Amake Laura, m'nyumba muno sitima ingakhotere pati?”

Pamenepo ankanena zoona. Nyumba yathu ku Middlesbrough inali yopapatiza, yogundana ndi zinzake, kuseri kuli kabwalo ka simenti kokwana mabini ndi chingwe choyanikira zovala.

Ine ndine Stella, nesi. Ndinabwera kuno mu 2002 kudzagwira ntchito m'chipatala cha boma, kenako amuna anga a Watson ananditsatira ndi mwana wathu Laura. Kwathu iwo anali kalaliki wa pa siteshoni ya sitima. Kuno anapeza ntchito yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni. Sankadandaula. Koma akaweruka ankasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, kuyala thaulo loyera patebulo, kusolola magazini m'pulasitiki mwake, n'kuyamba ayinunkhiza kaye. Eee, kuyinunkhiza! Kenako ankatsekula tsamba ndi nsonga ya chala.

“Tabwerani muone iyi, amake Laura. Iyi inkayenda ndi kiyi. Umangopotokola, basi yanyamuka.”

Ine nthawi imeneyo mapazi atatupa ndi shifiti, msana ukuwawa. Ndinkawayankha zimene munthu wotopa amayankha.

Magaziniwo ankawasunga m'makatoni a nthochi, motsatana mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Makatoni anakwera khoma la pabalaza mpaka kufika pawindo. Alendo akabwera ankakhala mopendekeka. Ndinkakalipa, sindibisa. “Tsiku lina ndidzakutayirani zinyalala zanuzi!” Ndinkatero m'nyumba, ndinkateronso kutchalitchi kwa amayi anzanga, tonse n'kuseka. Koma kuwagwira sindinawagwirepo. Ndinkadziwa kumene zinachokera. A Watson anakulira ku Nkaya, m'mphepete mwa njanji. Amayi awo ankagulitsa nthochi ndi mandasi m'mawindo a sitima, iwo ali kumbuyo, mpaka anakula n'kuyamba kuwanyamulira beseni. Lamlungu lililonse akabwera ku kaunjika ankagula khadi la foni n'kuwayimbira. Bambo wa ndevu akangoti “Amayi,” mawu ankakhala a mwana.

Mu Novembala 2006 anagwa kukhitchini akumanga nsapato. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Anatsala ndi liwu limodzi lokha: eya. Mukumva kuwawa? Eya. Mwakhuta? Eya. Dzina lanu ndani? Eya. Ine amene ndasamala anthu otere zaka zambiri ndinkayima pambali pa bedi manja ali lende, osadziwa pogwira.

M'wodi mwawo munkabwera mtsikana wachizungu wophunzitsa odwala kuyankhulanso. Tsiku lina anandifunsa chimene amuna anga amakonda. Ndinachita manyazi kutchula, komabe mawa lake ndinabweretsa magazini yoyamba ya m'katoni yapamwamba. Abale inu! Maso awo anayera. Anayikoka ndi dzanja lamanzere, kuyinunkhiza, kutsekula, n'kuloza chithunzi cha injini yakuda. Milomo inanjenjemera. “Si... si...” Anatuluka thukuta ngati akukankha galimoto. Sabata isanathe anatchula lonse: “Sitima.” Ndinathamangira kuchimbudzi kukalira kuti asandione.

Kuyambira pamenepo, nthawi yoona odwala ikakwana, ndinkapita ndi magazini yotsatira. Yotsatira ndithu, osati ina iliyonse. Tsiku lina ndinadumpha mwezi, iwo anandikankhira magaziniyo, n'kumagogoda deti lapachikuto ndi chala, nkhope itakwinyika. Mutu unali bwinobwino. Pakamwa pokha ndi pamene panatsekeka. Mawu anayamba kubwera limodzilimodzi: njanji, bogi, utsi. Langa dzina linali lisanabwere, koma sindinachite nsanje.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi bipi yawo. Inkangokwera ndi kutsika. Dokotala anandikokera pambali n'kundiuza zimene ndinkazidziwa kale: sitiroko yachiwiri ikabwera tsopano, mwina sadzadzukanso. Ndawaonapo ine anthu amene yawabwerera. Ndawatsekapo maso ndi manja angawa.

Ndiye m'mawa wina mu Disembala foni inalira. Anali alamu anga ku Balaka, mlongo wawo wa a Watson. Sanapereke n'komwe moni, anangoyamba kulira. Apongozi anga anali atatisiya. Anadwala masiku ochepa chabe, ndipo mpaka pomaliza ankafunsa chifukwa chake mwana wawo wasiya kuyimba foni Lamlungu.

Oyamba kufika anali a Thompson, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo.

“Mayi, pepani. Koma bambowa tisawauze. Kwathu wodwala chotere timamubisira maliro mpaka atapeza mphamvu. Mukudziwa inu.”

Ndinamuyimbira Laura ku Leeds, kumene ankaphunzira pa yunivesite. Chichewa amamva, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Anati si bwino, amayi amwalirawo ndi awo, ali ndi ufulu wodziwa. Ufulu! Ndinamuuza kuti akwere sitima abwere, za ufuluzo azisiye ku Leeds komweko. Kuntchito ine ndimauza odwala zoona, ndi mmene anatiphunzitsira kuno. Koma awa anali amuna anga, ndipo ndinkachita mantha. Ndinagwirizana ndi a Thompson kuti a Watson asamve.

Kuti asamve, ndinayenera kupita kuchipatala monga mwa masiku onse. Makiyi ndinawasiyira a Gertrude, mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu, kuti alandire anthu, chifukwa ngakhale maliro ali ku Malawi, kuno timasonkhanabe panyumba ya wofedwa. Ndinatenga magazini ya Febuluwale 1958 n'kukwera basi. Ndinakhala pampando wa pambali pa bedi, ndikumwetulira, ndikuyamikira tisitima, mpaka kuseka ndinaseka. Potsanzikana anagogoda deti lapachikuto n'kundiyang'ana. Ndinati, “Eya, mawa ya Malichi. Sindiyiwala.”

Pobwerera mvula inali itayamba, mvula ya kuno yosadziwa kukata. Nyimbo ndinazimvera pakona ya msewu. Nditangotsekula chitseko amayi awiri anandigwira m'mikono, kundidutsitsa pamulu wa nsapato, n'kukandikhazika pamatiresi pakona. Pabalaza panali mbee. Sofa palibe, tebulo palibe, makoma okhaokha ndi amayi atakhala pansi, miyendo yotambasula, zitenje pamwamba pa majuzi. Mtima wanga unati, ngati kwathu. Kwathu maliro akagwa katundu wa pabalaza amatuluka kuti anthu apeze pokhala, ndipo wofedwa safunsa kuti mpando wanga mwauyika kuti. Manesi anabwera ochokera ku Sheffield, ena ku Leeds, ena atangoweruka, yunifolomu ili m'kati mwa chitenje. Ndinalira apongozi anga amene ankanditcha mwana wawo. Ndinaliranso m'malo mwa mwana wawo weniweni, amene anali gone m'wodi osadziwa kanthu. Za makatoni sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Kutacha ndinadzuka kuti ndikonzeretu magazini ya Malichi. Ndinakwera m'chipinda cham'mwamba. Wailesi yakanema inali pabedi, atayifunditsa bulangete. Makatoni munalibe. Potsika ndinayang'ana pansi m'kakhonde kolowera, pamene panali nsapato za anthu. Pansi pa nsapatozo anali atayalapo mapepala kuti matope asadetse kapeti. Ndinawerama. Injini yobiriwira inali kundiyang'ana, chidendene cha buti chitadinda pakati pake.

Ndinathamangira kuchitseko chakuseri.

Sofa inali pabwalo, atayikuta bwinobwino ndi pulasitiki yabuluu, m'makona atatsamiza njerwa. Tebulo analitembenuza pansi pa pulasitiki yomweyo. Makatoni anali uko pafupi ndi mabini, popanda chofunda chilichonse. Apamwamba anali ataphulika m'mbali, apansi atakhala m'madzi. Ndinapisa dzanja m'katoni imodzi, dzanja linangolowa ngati m'phala. Ndinatulutsa chibuma cha mapepala, utoto wofiira ukuchucha m'zala.

“Mayo ine! A Gertrude! A Gertrude!”

Anatuluka kukhitchini ali ndi chikho cha tiyi m'manja. “N'chiyani, amake Laura?”

“Mwachita chiyani? Mwandipha inu! Sofa mwafunditsa, sofa ya pa kaunjika, koma izi mwasiya pamvula?”

“Iii, manyuzipepala akalewo? Pulasitiki inali imodzi, mayi. Tinati tipulumutse katundu.”

“Katundu ndi ameneyu! Munthu uja akuphunzira kuyankhula ndi zimenezi!”

A Gertrude anayika chikho pawindo. Si munthu woipa, anagona pansi m'nyumba mwanga chifukwa cha maliro a munthu amene sanamuonepo. Anayankhula motsitsa mawu. “Pepani. Koma inu nomwe mumatiuza kuti ndi zinyalala, mudzataya. Ife tinamva kwa inu.”

Ndinakhala pa simenti yonyowayo, mvula ikundimenya m'mutu, mkwiyo ulipo koma wosowa womukwiyira. Amayi anatuluka, ena akuti pepani, ena akuyamba kunyamula makatoni, makatoniwo n'kumabooka pansi, zonse khuthu m'matope.

Laura anali atafika madzulo a dzulo lake. Anatuluka osavala nsapato, anaona, anagwira pakamwa. Kenako anagwada n'kuyamba kufukula. Katoni ya 1958 inali pakati pa mulu, ndipo m'kati mwenimweni tinapeza magazini angapo amene sanasungunuke. Ya Malichi inalipo, yonyowa m'mbali monse, masamba atamatirana.

Tinakwera nayo kuchipinda. Laura anatenga draya ya tsitsi, ine ndinatenga ayironi ndi kansalu. Tinalekanitsa masamba ndi mpeni wa buledi. Ena analola, ena anang'ambika, chithunzi cha tsamba lino n'kutsalira pa tsamba linalo. Itauma inatupa, inachita makwinya, chikuto chinatuwa. Ngakhale wakhungu akanadziwa kuti yagona pamadzi.

Kupita chimanjamanja sikukanatheka. Akanagogoda pabedi, akanandiyang'ana, mawa lakenso chimodzimodzi, mpaka bipi ikanakwera ndi kulingalira kokhako. Kunena kuti paipi inaphulika, nyumbayo ankayidziwa kuposa ine, khoma limenelo lilibe paipi. Bodza limene akanakhulupirira linali limodzi lokha, chifukwa ndinakhala ndikuwalonjeza zaka zonsezi.

“Ndikawauza kuti ndataya ndine,” ndinamuuza Laura. “Ndinatopa nazo, ndatulutsa.”

Anazimitsa draya. “Mum, he'll never forgive you.”

“Asandikhululukire ali moyo.”

Ndinavula duku, ndinasamba kumaso ndi madzi ozizira, ndinadzola ufa ndi zofiira za pamilomo ngati ndikupita ku ukwati. Mawu anali atasasa ndi kulira, ndiye m'basi ndinkamyua switi ya chifuwa. Njira yonse ndinkabwereza bodza langa chamumtima.

Ndinawapeza atawakhazika pampando pafupi ndi windo, bulangete pamiyendo. Mtsikana wophunzitsa kuyankhula uja anali pa bedi loyandikana, akuthandiza nkhalamba ina. A Watson atandiona, mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira. Anatambasula dzanja lamanzere.

Ndinawapatsa.

Anayilandira, n'kungoyigwira. Chala chinayenda pamakwinya a chikuto. Anayesa kutsekula, masamba awiri anakana, anakoka pang'ono, pepala linang'ambika. Anasiya msanga ngati apsa. Anandiyang'ana.

Ndinayimika nkhope. “Ndine ndachita. Ndatulutsa makatoni onse panja. Ndatopa nazo zinyalala zanu, nyumba yonse fumbi, pokhala palibe. Mvula yawononga, basi. Yatsala ndi imeneyo.”

Ndinadikira mkwiyo. Ndinkaufuna mkwiyowo, ndinali nditaukonzekera. Maso anga anali pa mtsempha wa m'khosi mwawo.

Sanakwiye. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono.

“Ayi.”

Chiyambire kudwala, aka kanali koyamba kutchula liwu limeneli.

“Ayi chiyani? Ndati ndine! Simundidziwa kodi? Sindinkakuuzani?”

Mawu anandipereka. Pokweza anasweka, anatuluka osasa, mawu a munthu amene wachezera nyimbo. A Watson anapendeketsa mutu ngati mmene ankachitira pa siteshoni pomvetsera sitima ikadali kutali. Anayang'ana maso anga otupa pansi pa ufa. Anayang'ana magazini. Anayikweza, kuyinunkhiza. Ndinaona zonse zikulumikizana m'mutu mwawo, ndipo ndinalibe njira yoziyimitsira. Mkazi amene wakalipa zaka zonsezi osagwira katoni ngakhale imodzi sangayambe lero, mwamuna wake ali m'chipatala. Ndipo munthu wobadwira kwathu amadziwa chimene chimatulutsa katundu wa pabalaza panja mvula ikugwa.

Milomo inayamba kugwira ntchito. Khosi linakoka, thukuta linatuluka pamphumi. Ndinati, “Khalani chete, musadzivute,” koma sanandimvere. Mawu anatuluka limodzilimodzi, olemera, opotoka, koma omveka.

“Amake... Laura. Kwathu... wamwalira... ndani?”

Mtsikana wachizungu uja anatembenuka, nkhope ili ngwee. Chichewa sankamva. Iye anangomva kuti wodwala wake wayankhula mawu ambiri motsatana. Anawomba m'manja, anathamangira kwa ife, akuyamikira, akundiuza kuti ndisangalale, chiganizo chathunthu, chiganizo chathunthu! Anati akukayitana anzake adzamve.

Masabata onsewa ndinkapempha Mulungu kuti amuna anga anditchule dzina. Ananditchula.

Sindinakhale pampando. Ndinatsetsereka mpaka pansi, pa matailosi a m'wodi, n'kutambasula miyendo pafupi ndi mapazi awo, mmene timakhalira pamaliro. Yankho linali lomwelo. Mtsikana uja anasiya kuwomba m'manja.

“Amayi,” anatero a Watson. Silinali funso.

Ndinavomera ndi mutu. Ndinagwira dzanja lawo lamanzere, zala zanga pa mtsempha, chifukwa unesi suchoka ngakhale ukulira. Mtsempha unkathamanga koopsa. Ndinayang'ana pakamwa, ndinayang'ana maso, ndikudikira chimene ndinkachiopa chija. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe. Anatulutsa kulira kumene sindinakumvepo, kopanda mawu. Koma maso sanatembenuke, dzanja silinalefuke. Patapita nthawi mtsempha unayamba kubwerera m'malo mwake. Chamumtima ndinati, zikomo Ambuye, apulumuka.

Atapuma anayesanso kuyankhula.

“Liti?”

Bodza linali litandithera. “Dzulo m'mawa.”

Anatembenuza mutu n'kuyang'ana mpando wa pambali pa bedi, umene ndinakhalapo dzulo masana ndikuseka nawo za tisitima. Anauyang'ana nthawi yaitali.

“Ndinkaopa, bambo a Laura. Dokotala anati bipi... Ndinkaopa kuti mundisiya.”

Anasolola dzanja lawo m'manja mwanga pang'onopang'ono, analiyika pa magazini yamakwinya ija, n'kutembenukira kuwindo. Ndinakhalabe pansi pomwepo mpaka belu lotulutsa alendo linalira, ndipo sananditembenukirenso.